Lipoti: kuchepetsa kulemera kwa Honda CBR600F2 ya 1993 yomwe inkakana kukhota

Njinga yamotoyi inabwera kugalaja yathu ku Kalingalinga m'nyengo yozizira. Eni ake ndi bambo wa zaka za m'ma 40, wolemera makilogalamu 88 asanavale chipewa ndi jekete. Amaikwera tsiku ndi tsiku kuchokera ku Chelston kupita kuntchito m'tauni, ndipo kangapo pachaka amapita nayo kwawo ku Katete, makamaka mu Ogasiti pa mwambo wa Kulamba. Dandaulo lawo linali lakuti: "Amisiri, njingayi yanenepa. Pa raundabauti ndimachita kulimbana nayo, ndipo ku Manenekela imandikokera kunja kwa kona mpaka mapewa kuwawa. Chotsani chilichonse chomwe mungachotse, bola ipepuke." Anabwera ndi mndandanda wa zinthu zomwe anaona pa intaneti, kuyambira batire ya lithium mpaka kuboola madisiki a mabuleki.

CBR600F2 inapangidwa kuyambira 1991 mpaka 1994. Ili ndi injini ya 599cc ya masilinda anayi yozizira ndi madzi, makabuleta anayi, felemu yachitsulo ndi thanki ya malita 16. Yopanda mafuta ndi madzi imalemera pafupifupi makilo 185, ndipo mukaidzaza zonse imapitirirako pang'ono 200. Pa nthawi yake inkadziwika ngati njinga yomvera, yosavuta kukhotetsa. Choncho munthu akandiuza kuti F2 yake ikukana kona, maganizo anga sathamangira kwa Honda. Ndimayamba ndafunsa zomwe zaichitikira njingayo pa zaka zonsezi zomwe yakhala ikudutsa m'manja mwa anthu.

Kuyeza

Tinabwereka sikelo yoyezera matumba a chimanga kwa wamalonda wina wapafupi. Poyeza njinga pa sikelo imodzi, gudumu limodzi limakhala pa sikelo, linzake pa thabwa lotalika mofanana ndi sikeloyo, njinga itaimitsidwa chilili, kenaka n'kusinthanitsa. Mukapanda thabwalo njinga imapendama ndipo manambala amanama. Thanki tinaidzaza, chifukwa lita imodzi ya petulo imalemera pafupifupi magalamu 750, ndiye malita 16 ndi makilo 12. Amene amayeza njinga ili ndi mafuta, n'kudzayezanso ili pa rizevu, amakondwera ndi makilo omwe sanachotse.

Kutsogolo tinapeza makilo 103, kumbuyo 118. Zonse pamodzi 221. Kutsogolo kunali kusenza zosakwana 47 peresenti ya kulemera konse, kumene kuli kuchepa pa njinga yamtundu uwu.

Nditaiyendetsa mu Leopards Hill Road ndinamva zomwe ankanena. Poyamba kukhota chiwongolero chinkakakamira pakati, kenaka n'kugwera mkati mwadzidzidzi. Mkati mwa kona inkafuna kudzuka, ndipo ndikasiya mafuta pa liwiro la 60 kapena 70 chiwongolero chinkagwedeza mutu. Kulemera pakokha sikuchita zimenezi. Njinga yolemera koma yabwinobwino imachedwa kugona, koma ikagona imakhala pomwe mwaiika.

Gawo loyamba: osachotsa kanthu

Ndinawauza eni ake kuti ntchito tiigawa, ndipo gawo loyamba sitichotsamo ngakhale nati imodzi. Sanasangalale nazo, koma anavomera.

Mpweya kutayala lakutsogolo unali 1.6 bar, pomwe Honda amalemba 2.5 kutsogolo ndi 2.9 kumbuyo. Anthu ambiri muno amachepetsa dala mpweya poopa maenje ndi mahampu, osadziwa kuti tayala lofewa limaphwathalala pansi n'kulemeretsa chiwongolero kuposa katundu aliyense.

Titanyamula kutsogolo kuti gudumu lilendewere, ndinakankha chiwongolero ndi chala chimodzi kuchokera kumanzere. Chinayenda bwino mpaka pakati, n'kugwera m'kadzenje n'kuima. Titamasula khosi la njinga, girisi yomwe tinapeza inali yofiira ndi dzimbiri, youma moti inkanyenyeka pakati pa zala. Pa mphete yam'munsi panali timaenje tondondozana, tonyezimira, tofanana kukula, pomwe mipira ya bering'i yakhala ikumenya malo amodzimodzi nthawi iliyonse njinga ikagunda hampu ili chowongoka. Mnyamata wathu wophunzira ntchito anapitsapo chikhadabo ndipo chinkakodwa pa kadzenje kalikonse. Uku ndiye kukakamira kuja. Tinaika mabering'i atsopano a tapered roller, n'kumanga mwakuti chiwongolero chizigwa chokha mbali zonse popanda kugogoda.

Kalipa yakumanzere, chopanira chomwe chimafinya disiki pomanga buleki, inkagwira disiki ngakhale buleki isanakokedwe, chifukwa timapini tomwe imaseserekapo tinali titauma. Tinatsuka, kupaka girisi yake, n'kusintha mafuta a mabuleki. Oyilo wa m'mafoloko anatuluka wotuwa, wonunkha, ndipo mwendo wina unali ndi wochepa kuposa unzake. Tinathira 10W watsopano mofanana, pa mlingo wa m'buku.

Kenaka tinayeza sag, kutsika kwa njinga mwini wake akakhalapo atavala zonse, poyerekeza ndi pomwe gudumu lili m'malere. Kumbuyo kunkatsika mamilimita 52, kutsogolo 48. Pa msewu wamba ndimafuna pakati pa 30 ndi 35 kumbuyo, ndi cha m'ma 35 mpaka 40 kutsogolo. Njinga yomwe yakhala pansi kumbuyo imatambasula mafoloko kutsogolo, ndipo mafoloko otambasuka amakonda msewu wowongoka. Tinalimbitsa sipuling'i ya shoko ndi za mafoloko mpaka manambala anafika pafupi.

Ndinawapatsa kiyi kuti akazungulire mpaka ku raundabauti ya Kabwe n'kubwerera. Atafika anavula chipewa n'kufunsa kuti, "Mwachotsa makilo angati, amisiri?" Ndinawauza kuti, "Akulu, ikulemerabe 221 yomwe ija." Sanakhulupirire mpaka tinaikwezanso pa sikelo. Kwa ine, gawo lalikulu la dandaulo lawo linathera pamenepa.

Gawo lachiwiri: zomwe anthu anawonjezera

Apa ndi pomwe panali makilo aulere. Mwini wina wam'mbuyomo anawotcherera kaliyala ya zitsulo za mawindo, pamwamba pake n'kumangapo bokosi. Zonse zinali makilo 6.5, zili m'mwamba komanso kumbuyo kwa ekiselo ya gudumu lakumbuyo, malo oipitsitsa pa njinga yonse. Katundu wokhala kumbuyo kwa ekiselo salemeretsa kumbuyo kokha, amapepukitsanso kutsogolo, ndipo n'chimodzi mwa zomwe zimagwedezetsa chiwongolero.

Eni ake anakana poyamba, chifukwa ku Katete munthu sapita chimanjamanja. Ndinawapatsa khasu lomwe timalimira kuseri kwa galaja, ndinawauza kuti aligwire pafupi ndi tsamba n'kulitembenuza uku ndi uku, kenaka aligwire kumapeto kwa mpini n'kuchita chimodzimodzi. Khasu ndi lomwelo, koma dzanja limadziwa kusiyana. Masamu ake ndi akuti kuvuta kotembenuza chinthu kumakula ndi mtunda wochulukitsidwa ndi mtunda womwewo: kilo yomwe ili masentimita 90 kuchokera pakati pa njinga imavutitsa kasanu n'kanayi kuposa kilo yomwe ili masentimita 30. Tinagwirizana kuti pa ulendo azimanga chikwama chofewa pampando wa wokwezedwa, chinanso chaching'ono pathanki, zolemera zikhale pafupi ndi msana wawo. Sabata zina zonse njinga iziyenda yopanda kanthu kumbuyo.

Pochotsa kaliyala tinapeza kuti wowotcherera anakhudza felemu yaing'ono ya pansi pa mpando malo awiri. Tinapala bwinobwino, kufufuza ming'alu, osapeza, n'kupenta.

Zitsulo zotetezera injini zinali za mapaipi a madzi, makilo 4.2, zomangidwa pa maboti a injini ndi mawasha ounjikana. Chitsulo choterechi chimathandiza njinga ikagwa itaima, koma pa liwiro chimatha kukodwa pansi n'kugudubuza njinga kapena kuthyola pomwe injini imamangidwira. Komanso chakumanja chinali ndi zipsera zosonyeza kuti chimakhula phula pokhota. Tinachotsa. Pansi pa mpando ndi m'mbali munali unyolo wamkulu wokhomera njinga ndi masipanala ambiri omwe sagwira boti iliyonse ya Honda, makilo 2.3. Unyolo tsopano umatsala kuntchito pomwe amaimika, ndipo masipanala tinasiya oyenera okha. Mahutala awiri a galimoto, alamu yomwe inafa kale ndi mawaya ake omata ndi tepi zinakwana 1.4. Tinabwezera hutala imodzi yaing'ono.

Makilo 14.4 anachoka popanda kugula kalikonse kupatula kahutalako.

Gawo lachitatu: zogula

Tayala lakumbuyo linali 170/60, pomwe rimu ya F2, ya mainchesi 4.5, inapangidwira 160/60 (nambala yoyamba ndi m'lifupi mwa tayala m'mamilimita, yachiwiri ndi utali wa mbali yake ngati peresenti ya m'lifupimo). Tayala lalikulu pa rimu yopapatiza limapanikizika m'mbali, mawonekedwe ake n'kusintha, ndiye njinga imagona mosadalirika. Titalichotsa tinapezamo chubu. Tayala la tubeless, koma wina atatopa ndi kuphwa kwa mpweya anangolowetsamo chubu, pamwamba pa mankhwala omata pobooka omwe anali atauma n'kupanga chibuma mbali imodzi. Chomwe chinkataya mpweya inali valavu yong'aluka basi. Chubu m'tayala la radial chimakhulana ndi mkati n'kutentha, ndipo chikaphulika mpweya umatha nthawi imodzi. Pa msewu wa Great East pa 120 zimenezo si zocheza. Nambala ya DOT pambali pa tayala, yomwe manambala anayi omaliza amanena sabata ndi chaka chomwe linapangidwa, inasonyeza kuti mphira wake unali wokalamba kwambiri. Titaika 160/60 yatsopano ndi valavu yatsopano, gudumu linapepuka ndi makilo 2.1.

Makilo awiri amenewa ndimawawerengera kuposa ena onse ogula. Ali pa gudumu, pomwe shoko imayenera kuwaletsa kudumpha pa hampu iliyonse, ndipo ali kunja kwenikweni kwa chinthu chozungulira, pomwe amakaniza njinga kusintha njira, kuthamanga ndi kuima.

Kutsogolo Honda anaika 120/60, koma saizi imeneyi ndi yosowa muno, ndiye pafupifupi F2 iliyonse yomwe ndimaona ili ndi 120/70. Ine sindidana nayo, chifukwa mphira wake wam'mbali ndi wautali ndipo umateteza rimu m'maenje. Koma utali wa mbali yake ndi mamilimita 84 pomwe ya 60 ndi 72, kutanthauza kuti mphuno ya njinga imakwera ndi mamilimita 12. Tinaika 120/70 yatsopano n'kukweza mafoloko mamilimita 10 m'zogwirira zake kuti mphuno ibwerere pafupi ndi pomwe iyenera kukhala. Tisanamange tinachotsa masipuling'i n'kupanikiza mafoloko mpaka pansi, kuona kuti madigadi sagunda kalikonse. Amene amadumpha kuyesa kumeneku amadzakudziwira pa buleki yadzidzidzi.

Tcheni inali yotha kale, ndiye funso linali loti tigule iti. F2 imabwera ndi 530. Tinapita ku 520. Mtunda wa mano ndi womwewo, mamilimita 15.875, koma m'lifupi mkati 520 ndi 6.35 pomwe 530 ndi 9.5, choncho masipuloketi onse awiri amayenera kusinthidwa pamodzi ndi tcheni. Tcheni yabwino ya 520 ya X-ring ya masiku ano imapirira mphamvu ya injini ya 600 popanda vuto, koma yotchipa ya njinga zing'onozing'ono zonyamula anthu isayandikire n'komwe. Eni ake ankafuna sipuloketi yakumbuyo ya aluminiyamu. Ndinakana. Fumbi la Lusaka la mu Seputembala ndi Okutobala likasakanikirana ndi oyilo wa tcheni limadya aluminiyamu msanga, ndipo magalamu ochepa omwe mungapulumutse mudzawalipira pogula sipuloketi pafupipafupi. Tinaika yachitsulo yokhala ndi mabowo akuluakulu, mano osasintha chiwerengero. Tinapindula kilo imodzi.

Sayilensa yoyambirira inaola kalekale, ndipo yomwe inalipo inali yopangidwa m'komboni ndi chitsulo chokhuthala. Wopangayo anawotcherera bwino, ndimupatse ulemu wake, koma inali yolemera kwambiri. Tinapeza ya stainless yogwiritsidwapo kale ntchito yochokera ku Johannesburg, yokhala ndi chochepetsa phokoso mkati, ndipo kusiyana kunali makilo 3.5, ambiri mwa iwo kumbuyo ndi mbali imodzi. Ambiri amafunsa ngati ekizozi yotseguka imafuna kusintha majeti a kabuleta, timabowo tomwe petulo imadutsira. Kumalo otsika a m'mphepete mwa nyanja yamchere nthawi zambiri imafuna. Koma Lusaka ali pa mamita pafupifupi 1,280 pamwamba pa nyanja, mpweya wathu ndi wopepuka ndi pafupifupi 12 peresenti, ndiye njinga yamakabuleta yomwe inakonzedwera kunyanja imamwa kale mafuta opitirira ikafika kuno. Sayilensa yatsopano inabweza pang'ono kusiyana kumeneko. Tinatsuka makabuleta, kuwalinganiza onse anayi, kuyendetsa n'kuona mtundu wa mapulagi, ndipo majeti tinawasiya momwe analili.

Batire ndi yomwe inafuna kusamala. YTX9-BS ya asidi imalemera pafupifupi makilo atatu, ya lithium yolowa m'malo mwake sikwana kilo. Koma ma F2, ndi ma F3 omwe anawatsatira, amadziwika ndi regyuleta yofooka, kachipangizo koletsa magetsi opita ku batire kupitirira mlingo, yomwe imatentha n'kupsereza pulagi yake ya mawaya. Titayeza pa 5,000 rpm tinapeza mavoti 15.3. Batire ya asidi imapirira zotere kwa kanthawi, imangofa msanga. Ya lithium siyenera kupitirira cha m'ma 14.6. Choncho ndinawauza kuti lithium popanda regyuleta yatsopano sindiika. Tinaika regyuleta yamtundu wamakono wotchedwa MOSFET, tinadula pulagi yopserera n'kulumikiza mawaya bwinobwino, ndipo mphamvu inakhazikika pa 14.2. Tinapindula makilo awiri. Ndinawachenjezanso zinthu ziwiri: asamaitchaje ndi chaja ya batire za galimoto, ndipo m'mawa wozizira wa mu Juni ndi Julayi ayambe ayatsa nyale kwa theka la mphindi kuti batire ifunde asanalize injini. Kunena chilungamo, pa zogula zonse iyi ndi yomwe munthu sangaimve kwenikweni pokhota, chifukwa batire imakhala pafupi ndi pakati pa njinga. Anaifuna okha, ndipo regyuleta inkafunika kusinthidwa ndithu.

Zomwe zinatsala pa mndandanda wawo

Kuboola madisiki ndinakaniratu. A F2 ndi a mamilimita 276 okha, aang'ono kale, ndipo disiki imafuna chitsulo chake kuti imeze kutentha. Zitsulo zolemera za kumapeto kwa chiwongolero zimachepetsa kunjenjemera, ukazichotsa manja amachita dzanzi usanafike ku Chongwe. Fani ya radiyeta ena amaichotsa, koma aimepo kaye mu mzere wa magalimoto a mu Lumumba Road masana a mu Okutobala. Bokosi la fyuluta ya mpweya limakhala, chifukwa makabuleta amtundu uwu savomera bwino timafyuluta tapayekhapayekha, ndipo fumbi lathu lingadye injini. Magalasi, maindiketa ndi nyale ya nambala puleti zimafunika pa fitness ya ku RTSA ndiponso kwa apolisi apamsewu. Maboti a aluminiyamu ndinalola pa mapulasitiki okha, osati pa mabuleki, pa ekiselo kapena pa injini. Zopondera za wokwezedwa anazichotsa okha pa mndandanda atakumbukira kuti Lamulungu amapita kutchalitchi ndi akazi awo.

Zotsatira

Pa sikelo yomwe ija, thanki yodzaza: kutsogolo 98.5, kumbuyo 99.5, zonse 198. Makilo 23 anachoka, ndipo kutsogolo kwafika pafupifupi theka la kulemera konse. Mukaphatikiza wokwera ndi zovala zake, njinga ndi munthu zinali cha m'ma 316, ndiye tachotsa pafupifupi 7 peresenti. Pothamanga ndi poima kusintha kulipo koma si kodabwitsa. Pokhota ndi pomwe pamveka, chifukwa makilo oposa 18 mwa 23 achoka kumbuyo.

Njinga ikapepuka sag imasintha, ndiye tinayezanso. Kumbuyo inali itachepa kwambiri moti tinamasula sipuling'i pang'ono mpaka 33, kutsogolo tinasiya pa 37. Tinaika kachingwe kapulasitiki pa foloko kuti eni ake aziona pomwe foloko imafika pa buleki yamphamvu. Mu Leopards Hill njinga tsopano imagona mukangokankha chiwongolero pang'ono, imakhala pamzere wake, ndipo kugwedeza mutu kuja kunatha.

Atabwerako ku Katete anabwera kuti tione tcheni ndi khosi la njinga. Mabering'i atsopano anali atakhazikika ndipo anafuna kumangidwa pang'ono, tcheni tinakoka mwachizolowezi. Anati ku Manenekela sanalimbane nayo ndipo mapewa sanawawe, koma anadandaula chinthu chatsopano: pa mahampu ndi pa phula lokwinyika kumbuyo kumawakankha m'mwamba. Dandaulo limeneli ndi loona. Shoko ndi yomwe inabwera ndi njinga, mafuta ake anatopa, ndipo kale kaliyala ndi bokosi zinkaipanikiza n'kubisa kufooka kwake. Ndikakankha mpando pansi n'kusiya, imabwerera mwachangu n'kudumphanso kachiwiri ngakhale chosinthira chake chili pafupi ndi mapeto.

Anandifunsa za mawilo opepuka a njinga zatsopano. Kuwaika pa F2 kumafuna kusema masipesa, kusintha mabuleki ndi chingwe cha sipidomita, ndipo rimu yopyapyala ikagwa m'dzenje limodzi la nyengo ya mvula mumayamba kusaka ina kunja kwa dziko. Ndinawalangiza kuti ndalama imeneyo aisungire shoko, yatsopano kapena yokonzedwanso ndi akatswiri a mashoko, yokhala ndi sipuling'i yogwirizana ndi makilo awo 88. Kufikira itapezeka, pa mahampu azinyamuka pang'ono pampando, ndipo akakweza amayi awonjezere sipuling'i masitepe awiri n'kubweza akatsika. Mpweya aziyeza ndi geji yawo m'mawa matayala asanatenthe, kamodzi pa sabata, chifukwa mageji a pa filing'i siteshoni sagwirizana.